Kopepodi: Kanyama Kodyetsa Nyanja Yamchere

M'chaka cha 1924 wasayansi wina wachinyamata wa ku Britain, Alister Hardy, anasindikiza chojambula chimene mpaka lero chimapezekabe m'mabuku ophunzitsa za m'nyanja. Pa nthawiyo Hardy ankagwira ntchito pa labotale ya zausodzi ya ku Lowestoft, ndipo ntchito yake inali yosasiririka: kutumbula nsomba za herring zogwidwa m'nyanja ya North Sea, tiana ndi makolo omwe, n'kumawerenga zimene zadya. Atamaliza anajambula mizere yosonyeza kuti ichi chimadya ichi, ichi n'kudyedwa ndi icho. Mizereyo inapingasapingasa ngati ukonde wa kangaude, koma woiyang'anitsitsa amaona kuti yambiri imadutsa pamalo amodzi. Herring ikakhala kamwana imadya tinyama tating'onoting'ono totchedwa makopepodi. Ikakula imadyabe makopepodi okulirapo, makamaka a mtundu wa Calanus, ndipo ikati isinthe ndiwo n'kudya tinsomba kapena tizilombo tina ta m'madzi, timeneto natonso timakhala titakhuta makopepodi omwewo. Njira iliyonse imene ungatsate pa chojambulacho imakakutulutsira pa kanyama komweko.

Kopepodi ndi mbale wake wa nkhanu, ngakhale kuti maonekedwe ake sangakuuze zimenezo. Ali ndi chigoba chopyapyala choonekera mkati, tinyanga tiwiri titalitali, ndi timiyendo tofanana ndi nkhafi, ndipo dzina lake linachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza nkhafi ndi phazi. Makopepodi ambiri amatalika milimita imodzi kapena awiri, ngati njere ya chitowe. Mitundu yodziwika ndi yoposa 10,000, ndipo ya m'madzi apakati imawerengedwa m'gulu la zamoyo zongotengeka ndi madzi, zimene Mjeremani wina, Victor Hensen, anazitcha pulankitoni m'chaka cha 1887. Dzinali linatipusitsa kwa zaka zambiri. Chinthu chongoyandama timachiyesa chopanda nzeru, chakudya chongodikira wochidya. Umboni wa zaka 100 zapitazi ukusonyeza zina. Kuchuluka kwa nsomba, anangumi ndi mbalame za m'nyanja kumadalira kwambiri zimene kanyamaka kamadya, nthawi imene kamadya, ndiponso kumene kamapita kakakhuta. Nyanja imalima chakudya chochuluka, koma chimene chimafika m'kamwa mwa nsomba ndi chokhacho chimene chadutsa m'mimba mwa tinyama totere.

Vuto lenileni la m'nyanja ndi msinkhu wa chakudya. Kumtunda udzu umaoneka ndi maso, ndipo ng'ombe imangowerama n'kubudula. M'nyanja yakuya mulibe udzu wotero. Zomera zake ndi ndere za selo imodzi, zosaoneka popanda maikulosikopu, zomwazika m'madzi a pamwamba pamene dzuwa limafika. Ndere zimenezi zimapanga pafupifupi theka la chakudya chonse chimene zomera za padziko lapansi zimapanga pa chaka, koma n'zobalalika ngati ufa wotayikira mumchenga. Ufawo ulipo ndithu, koma munthu wanjala sangautole njere imodziimodzi n'kukhuta. Nsomba zowerengeka chabe, monga masadini ena, n'zimene zimatha kusefako ndere zokulirapo. Zotsalazo zimafuna chinthu choti zichione n'kuchikhwathula. Kopepodi ndiye amasonkhanitsa ufa womwazikawo n'kuusandutsa mbamu. Maselo masauzande a ndere akalowa mwa iye amasanduka thupi limodzi lokwanira pakamwa pa kamwana ka nsomba. Ngakhale mafuta a omega-3 amene anthu amawafuna mu nsomba amayambira m'ndere, ndipo nsomba imawalandira kudzera mwa tinyama timeneti.

Kale asayansi ankaganiza kuti kopepodi amadya ngati sefa: amakupiza timiyendo, madzi n'kudutsa m'timaubweya ta pakamwa, chilichonse chotsalira n'kumezedwa. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. M'chaka cha 1981 Mimi Koehl ndi Rudi Strickler anafalitsa zimene anaona atajambula makopepodi amoyo ndi kamera yothamanga kwambiri, kenako n'kuonera filimuyo pang'onopang'ono. Kwa kanyama kochepa chonchi madzi amakhala onanda ngati uchi, moti timaubweya take timakankha madzi ngati nkhafi m'malo moti madziwo adutsemo. Kopepodi amakokera madzi pafupi ndi thupi lake, ndipo akazindikira kuti selo ya ndere ikubwera amatambasula ziwalo za pakamwa mwachangu, n'kukumbatira kadontho ka madzi kamene muli seloyo, n'kufinya madziwo kuti chakudya chitsale. Kafukufuku wotsatira anasonyeza kuti amasankha: amatha kutaya selo yakufa kapena yapoizoni n'kusunga yabwino. Kadyedwe kake kamasiyananso malinga ndi mtundu. Oithona amangokhala duu m'madzi kubisalira, akumvetsera ndi tinyanga take, n'kulumphira chimene chagwedeza madzi. Oncaea amakakamira pa zinyenyeswa zimene zikumira n'kumazibudula. Paraeuchaeta ndi mlenje weniweni, amagwira makopepodi anzake ngakhalenso tiana ta nsomba tongoswa kumene. Acartia amasintha kadyedwe malinga ndi chimene chachuluka tsikulo.

Apa wina wodziwa za sayansiyi akhoza kutsutsa, ndipo zonena zake n'zomveka. M'chaka cha 1983 Farooq Azam ndi anzake anasonyeza kuti mbali yaikulu ya chakudya cha m'nyanja imazungulira pakati pa mabakiteriya ndi tizamoyo ta selo imodzi, tochepa kwambiri kuposa kopepodi. Mu 2004 Albert Calbet ndi Michael Landry anaphatikiza zoyeza za m'nyanja zosiyanasiyana n'kupeza kuti tizamoyo timeneti timadya pafupifupi magawo awiri mwa magawo atatu a ndere zimene zimamera tsiku lililonse. Gawo limene makopepodi amadya mwachindunji n'lochepa poyerekeza ndi limenelo. Ndiye n'kumutamandiranji kopepodi ngati akudya zotsala? Yankho lili pa msinkhu womwe uja. Tizamoyo ta selo imodzi timadya kwambiri, koma nato n'tating'ono moti nsomba yokula singakhalire ito. Chakudya chikangozungulira pakati pa ito tokhatokha chimathera mumpweya umene timapuma, osafika kulikonse. Amene amachitulutsa m'bwalolo ndi kopepodi, chifukwa iye amadyanso tizamoyo timeneti, ndipo nthawi zambiri amatikonda kuposa ndere. Choncho zimene Azam anapeza zikungokulitsa udindo wa kopepodi: njira ziwiri, ya ndere ndi ya mabakiteriya, zimakumana pakamwa pake zisanapitirire kwa nsomba.

Kuwerenga m'mimba zingati mmene chakudya chadutsa n'kofunika chifukwa chimachepa pa mimba iliyonse. Mwachiyerekezo, mwa magawo khumi a chakudya chimene nyama yadya, gawo limodzi lokha ndi limene limasanduka thupi loti ina idzadye. Otsalawo amathera pa kusambira, kupuma ndi kuchita chimbudzi. John Ryther anagwiritsa ntchito mfundo imeneyi mu 1969 pofotokoza chifukwa chake nsomba zimaunjikana m'malo ochepa chabe. Kugombe la Namibia ndi kumadzulo kwa South Africa, kumene kumadutsa madzi a Benguela, mphepo imakankhira madzi a pamwamba kutali ndi gombe, ndipo madzi ozizira odzaza ndi chonde amakwera kuchokera pansi. Kumeneko kumamera ndere zazikulu, makopepodi aakulu monga Calanoides carinatus amazidya mwachindunji, ndipo masadini ndi ma-anchovy amadya makopepodiwo. Njira ndi yaifupi, zotayika n'zochepa. Zimenezi zimachitikanso kugombe la Peru, kumene m'chaka cha 1970 asodzi anagwira matani oposa 12 miliyoni a nsomba ya mtundu umodzi wokha, anchoveta. Pakatikati pa nyanja zotentha zinthu n'zosiyana. Ndere zake n'zazing'ono kwambiri, chakudya chimadutsa m'mimba zisanu kapena kuposa chisanafike kwa nsomba ya tuna, ndipo chimene chimafikako ndi kachigawo kochepetsetsa. Madzi ake ngokongola, abuluu, koma n'chipululu.

Pambuyo pa msinkhu pamabwera nthawi. Kamwana ka nsomba kakaswa kamakhala ndi kathumba ka chakudya pamimba, kokwanira masiku ochepa. Kathumbako kakatha, kayenera kupeza mazira ndi tiana ta makopepodi pompopompo, apo ayi kamafa. Johan Hjort wa ku Norway anafotokoza mu 1914 kuti masiku ochepa amenewa ndi amene angapangitse chaka china kukhala cha nsomba zambiri, china cha njala. Pambuyo pake David Cushing wa ku Britain anaonjezera kuti nsomba zimaikira mazira pa nyengo yosasinthasintha, pamene ndere ndi makopepodi amachuluka msanga kapena mochedwa malinga ndi nyengo ya chakacho, ndipo ziwirizi zikaphonyana tiana timatha. Umboni wake unachokera kwa Hardy yemwe uja. Iye anapanga chida chokhala ngati bokosi lachitsulo, chimene sitima zamalonda zimakoka kumbuyo kwake. Madzi amalowa pa kabowo ka kutsogolo n'kudutsa pa nsalu ya silika yoyenda pang'onopang'ono, pulankitoni n'kutsalira pansaluyo, ndipo nsaluyo imadzipinda m'mankhwala oletsa kuola. Ntchito imeneyi inayamba mu 1931 ndipo ikupitirirabe. Mu 2003 Grégory Beaugrand ndi anzake anawerenga zolembedwa za zaka makumi angapo n'kuona kuti madzi a North Sea atayamba kufunda m'zaka za m'ma 1980, Calanus finmarchicus, wonenepa ndiponso wochuluka cha kumayambiriro kwa nyengo yofunda pamene tiana ta nsomba ya cod timafuna chakudya, anachepa. M'malo mwake munachuluka Calanus helgolandicus, amene amafika pachimake mochedwa, tiana titadutsa kale nthawi yovuta ija. Tiana ta cod topulumuka tinachepa pa nthawi yomweyo.

Msodzi kapena mkulu wa zausodzi akhoza kunena kuti tisanamizire kanyama kosalakwa, poti chimene chinatha cod ndi maukonde. N'zoona kuti cod ya ku North Sea inagwidwa mopyola muyeso kwa zaka zambiri, ndipo palibe kafukufuku wa pulankitoni amene angafafanize mlandu umenewo. Koma maukonde okha salongosola zonse. Kuyambira m'ma 1960 mpaka kumayambiriro kwa m'ma 1980 usodzi unali waukulu kale, komabe cod ndi nsomba za m'banja lake zinaswana mochuluka modabwitsa, ndipo zaka zimenezo n'zimenenso chakudya cha tiana chinali chambiri ndi chapanthawi yake. Zinthu ziwirizi zimagwirira limodzi. Maukonde amachotsa makolo, pamene makopepodi ndi amene amagamula kuti mwa mazira mamiliyoni otsalawo, ndi angati adzakule. Chakudya chikakhala chambiri, nsomba zimatha kupirira usodzi woopsa kwa kanthawi, ndipo anthu amayamba kuganiza kuti nyanja siitha. Chakudya chikasintha, usodzi womwewo umene dzana unkaoneka wabwinobwino umagwetsa nkhokwe yonse. Wokhazikitsa malire a usodzi pongowerenga nsomba zofika padoko amazindikira vutoli patapita zaka, tiana tosowato titalephera kuonekera m'maukonde.

Ntchito ina ya kopepodi imaoneka bwino m'nyanja zozizira za kumpoto, kumene ndere zimachuluka kwa milungu yochepa chabe pa chaka, kenako n'kubwera miyezi ya mdima. Calanus finmarchicus amadya kwambiri pa nyengo ya mwanaalirenjiyo, n'kusandutsa chakudyacho mafuta amene amawasunga m'kathumba koonekera kotambalala m'thupi mwake. Akanona amamira pansi pa nyanja, mamita 500 kapena kuposa 1,000, n'kukhala kumeneko miyezi ingapo osadya, ngati akugona. Nyengo yozizira ikamatha amakwera, amakwerana, n'kuikira mazira ndere zatsopano zikuyamba kumera. Mwa njira imeneyi zokolola za milungu yochepa zimadyedwa chaka chonse, ndipo kopepodi amakhala nkhokwe yoyenda yokha. Nangumi wa mtundu wa North Atlantic right whale, wolemera matani makumi angapo, amakhalira mafuta amenewa. Amasambira kukamwa kuli yasa, n'kumasefa makopepodi onona. Anangumi amenewa atsala osakwana 400. Madzi a Gulf of Maine atafunda cha m'ma 2010, Calanus anachepa m'malo amene anangumiwa ankadyera, ndipo ambiri analondola chakudya mpaka ku Gulf of St Lawrence ku Canada, kumene kunalibe malamulo owateteza ku sitima ndi zingwe za asodzi a nkhanu. M'chaka cha 2017 chokha anangumi 12 anapezeka atafa kumeneko. Chinawapha ndi sitima ndi zingwe, koma chinawapititsa kumeneko ndi kusamuka kwa kanyama ka mamilimita atatu.

Kadyedwe ka tinyamati kamakhudzanso mpweya umene tonse timapuma. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, akatswiri oyesa zida zofufuzira sitima zapansi pa madzi ankadabwa kuona ngati pansi pa nyanja pakukwera usiku n'kutsika masana. Zinadziwika kuti ndi khamu la tinsomba ndi tinyama ta pulankitoni. Dzuwa likalowa timakwera kukadya pamwamba, kukamacha timathawira kumdima kuopa adani osaka ndi maso, ndipo tina timayenda mamita mazana angapo tsiku lililonse. Ndere zimatenga kaboni mumpweya. Kanyama kamadya nderezo pamwamba, n'kukapumira ndi kukachitira chimbudzi pansi. Zitosi zake nazo ndi timibulu tolimba tokutidwa ndi kachikopa, tomira mamita makumi kapena mazana pa tsiku, pamene selo ya ndere payokha imamira mwaulesi n'kuolera m'njira. Kaboni wofika m'madzi akuya amatha kukhala kumeneko zaka mazana asanabwerere mumlengalenga. Mu 2015 Sigrún Jónasdóttir ndi anzake anasonyeza kuti mafuta amene Calanus amatsika nawo pokagona ndi njira inanso yaikulu yotsitsira kaboni kumpoto kwa Atlantic. Sikuti makopepodi amangotsitsa basi. Ena amaswa zinyenyeswa zomira n'kuzibweza m'madzi a pamwamba. Koma zimenezo zikutsimikizira mfundo yomweyo, yakuti kuchuluka kwa kaboni womira kumadalira mtundu wa kanyama kamene kali pamalopo ndi mmene kamadyera.

Chitsutso chomaliza n'chimene chimamveka kwambiri masiku ano: tinyama timeneti n'tochuluka kosawerengeka, ndiye munthu angatithe bwanji? Mawuwa amanenedwa makamaka za krill wa ku Antarctica, mbale wamkulu wa kopepodi, wotalika mpaka masentimita 6, amene kulemera kwake konse kumayerekezedwa kukhala matani mamiliyoni mazana angapo. Sitima za ku Norway, China ndi South Korea zimamugwira kuti apangire chakudya cha nsomba zoweta ndi makapisozi a mafuta. Pangano loteteza zamoyo za m'nyanja ya Antarctica linasainidwa ku Canberra mu 1980, ndipo bungwe lake la CCAMLR linaika malire a matani 620,000 pa chaka m'dera la kumwera kwa Atlantic. Poyerekeza ndi krill yense, chiwerengerochi n'chochepa ndithu. Koma penguin, mbalame ya m'nyanja, akamalera mwana pachisa sadya krill wa nyanja yonse. Amadya amene ali pa mtunda woti apite n'kubwerako mwana asanafe ndi njala, ndipo sitimazo zimaunjikana m'malo omwewo, kufupi ndi Antarctic Peninsula ndi zilumba za South Orkney, chifukwa n'kumene krill wadzadza. Tiana ta krill natonso timadalira ndere zomera kunsi kwa madzi oundana kuti tipyole nyengo yozizira, choncho madzi oundanawo akachepa, kuswana kumasokonekera ngakhale popanda ukonde. Kwa nyama yanjala, chakudya chochuluka chimene chili kutali kapena chobwera mochedwa n'chimodzimodzi ndi chakudya chimene kulibe.

Nyanja ya Malawi si yamchere, koma lamulo lake ndi lomweli, ndipo aliyense wodya usipa ali kumapeto kwa njira yotereyi. Mwera ukamawomba m'miyezi yozizira umavundula madzi, ndipo kumwera kwa nyanjayi madzi achonde a pansi amakwera. Ndere zimachuluka, makopepodi monga Tropodiaptomus ndi Mesocyclops amadya, ndipo usipa ndi utaka zimadya iwowo. Usipa uli ndi wopikisana naye patebulopo: mphutsi za nkhungu, tintchentche tija timatuluka m'madzi ngati utsi wa moto wolusa. Mphutsizi zimadya makopepodi omwewo, zimakwera usiku, ndipo masana zimabisala m'madzi akuya osowa mpweya kumene nsomba sizifika. Usipa wogwidwa ndi chilimira pa kauni, wouma pathandala n'kukagulitsidwa pamulu ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, ndi makopepodi amene asanduka ndiwo. Kapenta wa ku Kariba, amene anatengedwa ku nyanja ya Tanganyika mu 1967 ndi 1968, anakhazikika chifukwa anapeza tinyama ta pulankitoni tosadyedwa mokwanira m'damu latsopanolo.

Mayiko ambiri amawerenga nsomba zofika pagombe chifukwa n'zimene zili ndi mtengo. Kuwerenga makopepodi n'kotopetsa: kumafuna ukonde wa mabowo osaoneka, botolo la mankhwala, maikulosikopu, ndi munthu wodekha wotha kusiyanitsa Calanus wina ndi mnzake poyang'ana mano a pa kamwendo kachisanu. Ntchito yotere siibala nkhani chaka chimodzi, n'chifukwa chake ndalama zikachepa imakhala pakati pa zoyamba kudulidwa; ngakhale kafukufuku wa Hardy anatsala pang'ono kutsekedwa chakumapeto kwa m'ma 1980, pa nthawi yomwe nyanja ya North Sea inali kusintha. Akanatsekedwa, bwenzi tikudziwa kuti cod inachepa koma osadziwa kuti chakudya cha tiana take chinasamuka. Nsomba imene msodzi adzagwire zaka zitatu zikubwerazi ndi kamwana lero, ndipo kupulumuka kwake kukugamulidwa sabata ino ndi kanyama kofanana ndi njere ya chitowe. Wofuna kudziwiratu za nsombayo ayambe wawerenga kanyamako.